Khasu Lidatsala Kuchilumba

Ine ndine munthu wa kumapiri. Ndidabadwira ku Mlangeni, ndakulira pamsika wa Lizulu ndikugulitsa mbatatesi m'ndowa, ndipo madzi ambiri amene ndinkawadziwa ndisanayende ulendo umenewu adali a mumgolo wa kuseri kwa nyumba. Ndiye amene amanena kuti ndidapita kunyanja ya mchere kukaona malo ngati mzungu akunama. Adandituma ndi amayi, ndipo adandituma ndi khasu.

Nkhani yake idayamba ndi achemwali anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, anthu othawa adadzaza kwathu kuno, poti pa Lizulu dziko lawo ndi tsidya la msewu chabe. Mwa iwo mudali telala wina wachisilamu, wamtali, wosayankhulayankhula. Iyeyu sadali wa tsidya la msewu ayi. Kwawo kudali kutali kwambiri, pachilumba china cha m'nyanja ya mchere, ndipo nkhondo idangomupeza ali pantchito kumtunda kuno. Adaika makina ake pakhonde la sitolo, achemwali adapita kukasoketsa diresi ya Khirisimasi, diresiyo idafuna kuyesedwa kangapo, mapeto ake tidapeza mkamwini pakhomo. Kulima sankatha. Mzere wake unkayamba bwino, kenako n'kulowa m'munda mwa eni.

Nkhondo itatha, titangovota chisankho choyamba cha zipani zambiri, anthu aja adayamba kubwerera kwawo. Mlamu wanga naye adapempha chitengwa mwaulemu wonse, akuluakulu adalola, achemwali adakwera lole ndi mwana kumbuyo. Padapita zaka. Uthenga unkabwera mwa apo ndi apo kudzera kwa mwini sitolo uja, ndipo unkakhala umodzimodzi: ali bwino, ana awonjezeka.

Koma achemwali adasiya chigawo chawo cha munda, chochokera pamzere wa nsenjere kukafika kumtsinje. Amayi ankachilima okha chaka ndi chaka, atamaliza chawo, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Ife tikati tiwathandize ankatikalipira. Amalume, amene anyamata awo adali atakwatira ndipo adalibe polima, adayamba kubwera kudzakhala pakhonde, kuyang'ana munda uja, n'kumatsokomola. Amayi ankati mwini munda akubwera. Chaka china atadwala, atalima mizere yomaliza chogwada, adandiitana, natulutsa khasu la achemwali kuseri kwa chitseko.

"Tenga ili, ndi mbewu ya mbatatesi iyi. Ukakapeza mlongo wako ali ndi polima, umusiyire khasuli, ubwere wekha, munda uno ndiupereka. Akakhala alibe polima, ndiye kuti mwana wanga akudya chopempha. Ubwere naye pamodzi ndi khasu lomweli."

"Nanga akakana?"

"Mwana wanga sangakane munda."

Ndidanyamuka mu Julayi, chisanu chili pachimake, nditavala jekete, chisoti chaubweya ndi majombo. Ndidakwera basi mpaka ku Liwonde, sitima mpaka kumalire, sitima ina kutsidyako, kenako malole amene ndidasiya kuwawerenga. Paliponse khasu lidandiyambitsira milandu. Msilikali wina adalitembenuza mbali zonse, nandifunsa m'Chipwitikizi, chimene ndimamvako pang'ono cha pamsika, ngati ndikuyesa kuti kwawoko kulibe makasu. Tikamatsika kumunsi kutentha kunkakula, koma jekete sindidavule. Munthu sukafika kwa alamu ako utavala malaya okha ngati wathamangitsidwa.

Za bwato sindinganene zambiri, chifukwa sindidaone zambiri. Lidali bwato la thanga, lodzaza matumba a chinangwa chouma, zigubu za madzi ndi mbuzi imodzi. Titangochoka kumtunda ndidagoneka mutu pamphepete, n'kubweza zonse zimene ndidadya kuyambira ku Liwonde. Mbuzi ija idandiyang'ana njira yonse. Nditadzutsa mutu dzuwa litapendeka, adandilozera kuti tafika. Ndidafunsa kuti tafika pati. Kutsogoloku kudali kamzere ka mchenga woyera ndi mitengo ya kokonati, basi. Madzi adali akunyambita pafupi ndi zitseko za anthu.

Abale, ndaona malo osauka, koma kumeneku ngakhale umphawi udalibe pokhala. Kudalibe msewu, kudalibe njinga, kudalibe golosale, resitihausi, chigayo, ngakhale munthu wokazinga tchipisi. Ukaima pakati pa chilumbacho nyanja umaiona kumanja ndi kumanzere osatembenuza thupi. Ndidafunafuna pokwera poti ndiime ndione dziko, monga timachitira kwathu. Malo okwera kuposa onse adali dzala la zigoba za nkhono. Madzi a pachitsime chawo ankakoma ngati munthu watsukiramo mbale ya usipa. Nditafunsa kuchimbudzi, adandilozera kugombe, dzanja lonse, ngati akundipatsa dziko.

Chodabwitsa, kudali azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, atamanga kahema pansi pa mtengo. Adali atapsa, ofiira ngati nyama ya pambale. Mlamu wanga adandiuza kuti adachoka kwawo pandege kudzafuna malo opanda chilichonse. Ndidati awapeza.

Achemwali ndidawazindikira ndi kuseka. Adali atada, atanenepa, atamanga mpango kumutu, nkhope atapaka zoyera zimene akazi akumeneko amapaka pokana dzuwa. Atandiona ndikutsika m'bwato ndi jekete, majombo, thumba kumutu, khasu paphewa, adakhala pansi pamchenga n'kuseka mpaka misozi. Kenako misoziyo idasanduka yeniyeni. Adandigwira dzanja osalisiya, akufunsa za amayi, za mawondo awo, za mtengo wa mapichesi, za ng'ombe yathu yothyoka nyanga imene tidadya kalekale. Ana anayi adaima chapatali kundiyang'ana. Wamkulu yekha ndiye ankamva Chichewa, koma poyankha ankayankha m'chinenero chawo.

Ine maso adali pantchito imene adandituma. Ndidazungulira nyumba. Nkhokwe panalibe. Khola panalibe. Mzere ngakhale umodzi, dimba, phesi la chimanga, zii. Ndidakumba ndi chidendene kuseri kwa nyumba: mchenga, pansi pake mchenga, pansi pakenso mwala woyera. Mtima udandiwawa ndipo ndidapsa nawo. Tidadya mpunga wophikira kokonati ndi nsomba, chakudya chokoma ndithu, koma ndidadya mokwiya.

Titasamba m'manja ndidanena mawu a amayi monga adandiuzira, osachotsa osawonjezera.

"Achimwene," adatero achemwali, "mwayenda ulendo wautali, pepani. Ine sindipita."

"Mukudya chiyani kuno? Mulima pati?"

"Mwadya chiyani inu pompano?"

"Musandizunguze mutu! Amayi akulima chogwada munda wanu uja. Chogwada!"

Adatsitsa maso, koma sadasinthe mawu. Ana awo ndi akuno, adatero, mwamuna wawo ndi wakuno, apongozi awo aakazi adasiya banjalo m'manja mwawo pomwalira. Mapanga awiri avumbwitsa. Mlamu wanga adangopitiriza kusoka thanga long'ambika, ngati nkhaniyo ndi ya anthu a mudzi wina.

Apa ndiye ndidathedwa nzeru. Kumukoka munthu wamkulu, mayi wa ana anayi, sindikadatha. Kubwerera ndi khasu popanda mwini wake, amayi akadapitiriza kugwada m'munda muja mpaka kufera momwemo. Kusiya khasu kwa munthu wopanda polima kukadakhala kuwanamiza amayi, ndipo amayi athu bodza ankalinunkhiza munthu ali kumsewu.

M'mawa mwake nditatuluka ndidaima kakasi. Nyanja kunalibe. Idali itaphwa, itathawira kutali kumene maso ankangoona kamzere koyera. Pamalo pake padali dambo lalikulu, losalala, lonyowa bwino, lopanda chitsamba, lopanda chitsa, lopanda nsongole. Mabwato adali atagona chammbali ngati ng'ombe zokhuta. Mtima wanga udagwa pansi. Ndidati Mulungu ndi wamkulu, polima ndi apa, anthuwa ndi ulesi chabe. Kwathu malo otere anthu amatengerana kubwalo.

Ndidavala majombo, ndidatenga khasu ndi mbewu ija. Mlamu wanga adanditsatira mpaka pamene mchenga wouma udathera.

"Alamu, mukupita kuti?"

"Kukakuonetsani mmene amuna amasungira akazi a eni."

"Madziwo abweranso masana ano."

"Madzi akaphwa amabwera Disembala, alamu. Ine sindine mwana."

Mundimvetse. Munthu ndi mlamu wake amanamizana, ndi mwambo. Ine ndemwe ndidamuuzapo munthu ameneyu, atangofika kumene kwathu, kuti mbatatesi zimathyoledwa mumtengo usiku, ndipo adakhulupirira sabata yathunthu. Ndidadziwa kuti akufuna kubweza. Nanga madzi ochuluka chotero angachoke ndi kubwera tsiku limodzi, akuwatunga ndani? Achemwali, amene ndikadawamvera, adali atalawirira kale kutali ndi azimayi anzawo, akuoneka ngati timadontho.

Ndidalima. Dothi lake lidali lofewa, lotuwa, lonunkha ngati mazira owola, ndipo ndidati fungo limeneli ndi manyowa. Mchere ndidaulawa, koma ndidati mvula yoyamba idzatsuka. Ndidakoka mizere yowongoka bwino, ya Chintcheu, yoti munthu wodutsa pamsewu aime afunse kuti walima ndani. Anthu a pachilumba adabwera kudzaona. Adakhala pansi m'mphepete, amuna uku akazi uku, mwaulemu, opanda woseka. Nkhalamba ina idanditumizira kokonati wakumwa. Azungu aja adandijambula. Ine ndidati aone, aphunzire, ndipo ndidabzala mbewu ya amayi yonse, iliyonse maso ake kumwamba.

Dzuwa lili pamutu ndidamva kuzizira m'majombo. Ndidayang'ana pansi, madzi m'mikwasa. Sadabwere ndi mkokomo ngati mtsinje wosefukira ayi. Adangobwera mwakachetechete ngati mwini nyumba amene wapeza mlendo atakhala pampando wake. Adadzaza mkwasa woyamba, wachiwiri, kenako mizere idayamba kusungunuka ngati shuga. Ndidayesa kutseka ndi khasu. Inde, ndidayesa kutseka nyanja ndi khasu, ndipo pali anthu amoyo amene adaona. Madzi atafika m'mawondo ndidatuluka. Jombo imodzi idatsalira m'matope, ili komweko mpaka lero.

Madzulo mafunde adayamba kubweza mbatatesi kugombe, imodziimodzi. Azimayi adatola, natsuka, nabweretsa kunyumba kwa achemwali m'lichero, zonse, osabisako ngakhale imodzi. Tidadya mbewu ya amayi yophikira kokonati. Mlamu wanga adangondisunthira mbale pafupi, ndipo ulemu wakewo udandipweteka kuposa kuseka.

Kutacha achemwali adandidzutsa. "Tiyeni kumunda," adatero. Ndidayesa akundinyoza, ndipo ndidatsala pang'ono kuyankha zoipa, koma nkhope yawo idali ya ntchito. Adandibwereka nkhwaira za matayala. Adati nditenge khasu.

Nyanja idali itachokanso. Tidadutsa pamene ndidalima dzulo lake, posalala ngati sipadapondepo munthu. Tidapitirira mpaka kumene mchenga udasanduka miyala yoboolaboola, yakuthwa, yokhala ndi timadziwe. Miyala imeneyi idazungulira chilumba chonse ngati mpanda, ndipo kunja kwake ndi kumene nyanja yeniyeni inkawomba. Achemwali adaima pamulu wa miyala younjikidwa ndi manja.

"Kuyambira apa mpaka mulu uwo, kukafika kumene kukuwomba mafundeko, ndi panga. Adandisiyira apongozi. Uko ndi kwa mnzanga uyo, sindipondako. Mizere yanu ija mudalima kwa eni, ndapepesa kale."

Ndidayang'ana. Miyala ndi madzi.

Adawerama monga amawerama amayi popalira, msana womwewo, chigongono pabondo. Adali ndi kamtengo kosongola. Adakalowetsa m'dzenje lina, nagwedeza, nadikira, kenako adalowetsa dzanja n'kusolola chinthu chimene sindidzachiiwala: mutu ngati thumba, miyendo isanu ndi itatu, chopanda fupa ngakhale limodzi, chikuwakulunga mkono mpaka m'chigongono. Ndidakuwa. Iwo adachitembenuza mutu ngati akutembenuza sokosi, nachiponya m'dengu. Dzina lake adandiuza, lidandikanika. Amachiyanika padzuwa, amalonda amabwera pabwato kudzagula, ndipo mpunga umene ndidadya mokwiya uja udachokera m'maenje amenewa. Dzenje lililonse ankalidziwa. Ena ankawadumpha dala, ati muli tating'ono, tikule kaye. Pena ankabwezera mwala pamalo pake kuti nyumba ya chinthucho isaonongeke. Pobwerera adakumba nkhono mumchenga, dengu lidadzaza.

"Ndiye mukawauza chiyani amayi?" adandifunsa.

Adatenga khasu lija m'manja mwanga, naliyang'ana nthawi yaitali. Mpini wake adasema ndi malemu bambo athu, ndipo pogwira padali posalala ndi manja a achemwali omwewo. Adaligogoda pamwala kawiri, khasu lidaguluka. Adagwira chitsulocho chozondotsa, msuka wake wosongoka kutsogolo, naulowetsa m'dzenje kuyesa. Udalowa bwinobwino.

"Chitsulo kuno n'chosowa, timitengoti timangothyoka. Khasu ndalandira, mukatero. Koma mpiniwu kuno udyedwa ndi mchere. Ngwa bambo, ubwerere kwawo."

Adanena osalira. Amene adalira ndine, mwamuna wamkulu, nditaima m'madzi ndi nkhwaira zobwereka.

Ndidadikira bwato masiku angapo, poti kumeneko bwato limabwera likafuna. Jekete ndidamusiyira mlamu wanga. Sindikudziwa kuti adalivala liti. Achemwali adandimangira zam'maenje zouma zija kuti ndikapatse amayi, ndipo zidandinunkhitsa m'malole monse mpaka anthu ankandipatsa malo okwanira awiri.

Ndidatsika basi pamsewu dzuwa likadali m'mwamba, nthawi yosoka mizere itayamba. Kuchoka pamsewu kupita kwathu njira imatsika chitunda, ndipo munthu ali m'munda mwa achemwali amakuona ukadali kutali. Katundu adali kumutu. Mpini ndidauika paphewa, mutu wake kumbuyo. Munthu wa kwathu mpini sanyamula mwanjira ina, dzanja limangochita lokha.

Amayi adali m'mundamo. Adaweramuka, naika dzanja pamphumi. Ndidaona akuponya khasu lawo pansi. Kenako ndidamva nthungululu, yaitali, yonga ya paukwati, ndipo adayamba kuthamanga ndi mawondo awo aja, akudumpha mizere. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumbuyo kwanga, kunjira, kumene munthu wobwera ndi ana amatsalira.

Ndidatsitsa mpini msanga, ndidaukweza m'mwamba kuti aone kuti ulibe khasu. Adathamangabe pang'ono. Kenako nthungululu idaduka pakati, ndipo adayamba kuyenda.

Titakumana adandipatsa moni wa masiku onse, ngati ndachokera ku Lizulu. Adatenga mpini uja, nalowetsa chala pabowo pamene padali khasu.

"Walandira?"

"Alandira."

"Munda wake ndi waukulu?"

"Pothera pake sindidapaone bwino."

"Ngwake, kapena wobwereka?"

"Ngwawo. Adawasiyira apongozi awo. Malire alipo."

"Kupalira amapalira ndi ndani, poti mwamuna uja ndi uja?"

"Sapalira. Madzi amabwera kawiri pa tsiku kudzasalaza okha."

Adandiyang'ana m'maso kufuna bodza, sadalipeze.

"Ndiye wachita mwayi," adatero. "Msana sudzamupweteka."

Adayang'ananso kunjira kamodzi. Kenako adabwerera pamene adaponya khasu lawo, poti mzere adausiya pakati, ndipo kwathu mzere sausiya pakati. Ndidati ndiwalandire, adandikankha ndi chigongono. Adaumaliza okha mpaka kumtsinje, nasalaza kumapeto kwake ndi kumbuyo kwa khasu monga ankachitira nthawi zonse. Atatha adapukuta manja pachitenje.

"Ukadya, upite kwa amalume ako. Ukawauze kuti anyamata aja abwere mawa ndi makasu awo."